Zophulika za Swadick

Cape Town, 18 Febuluwale 2024

Okondedwa amayi ndi mlongo wanga Hidaya,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Katuliko, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ine ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula mphepo ya m'tauni muno imene sindinaizolowerebe. Hidaya, uwawerengere amayi pang'onopang'ono, osalumpha mizere ngati muja umachitira.

Ndalemba chifukwa ndamva kuti foni yako inafa, komanso ine sindipezeka pafoni kwa miyezi ingapo. Aphunzitsi andisankha pamodzi ndi anzanga kuti tipite kuchipululu cha Karoo kukaphunzira ntchito. Kumeneko mafoni ndi oletsedwa. Tili gulu la achinyamata ochokera ku Kenya, Ghana ndi Mozambique, ndipo chakudya ndi pogona atilipirira.

Amayi mumandifunsa nthawi zonse kuti sukulu yosathayi ndi ya chiyani. Ndi ya zophulika, amayi. Kumwambaku kuli tinyenyezi tina toyera, totsalira pamene nyenyezi yonga dzuwa lathuli yakalamba n'kutha moto. Kanyenyezi koteroko n'kakang'ono ngati dziko lapansi, koma kulemera kwake n'kofanana ndi dzuwa. Kakakhala kokha sikavuta, kamangozizira pang'onopang'ono. Kakakhala ndi mnzake pafupi, tsiku lina kamaphulika n'kuwala kuposa nyenyezi zosawerengeka. Chimene ophunzira sanagwirizanebe n'chakuti mnzakeyo amakhala ndani. Ena akuti ndi nyenyezi yaikulu yamoyo, imene kanyenyeziko kamaiyamwa mpweya mpaka kulemedwa n'kuphulika. Ena akuti ndi kanyenyezi kena koyera, ndipo tiwirito timazungulirana mpaka kugundana. Ntchito yanga ndi kufufuza zimenezi. Ndikupemphera kuti kaphulike kamodzi ndili komweko.

Mundiyankhe kudzera kwa a transipota omwewa, azisiya makalata kwa mnzanga amene ndimagona naye kuno. Mundiuze ngati chimanga chapulumuka ku dzuwa limene tikulimvali. Mundiuzenso tsiku la ndowa ya Hidaya ndi Ahmad kuti ndipemphe tchuthi nthawi ilipo, chifukwa mlongo wanga sangakwatiwe ine kulibe. Ndatumiza nsalu ziwiri ndi mafuta opaka mwendo. Moni kwa amjomba.

Mwana wanu,
Swadick


Chiponde, 14 Epulo 2024

Kwa muphwa wanga Swadick,

Assalam alaikum. Ndine mjomba wako Atumani. Eid tadya bwino ngakhale m'minda mulibe kanthu chaka chino. Amayi ako alipo, koma sakudya bwino ndipo sakuyankhula zambiri.

Kalata yako ndinaimva. Ndinali ku Katuli tsiku limene Hidaya ankawerenga, ndipo ndinamuuza kuti abwereze. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndagulitsa zipangizo za njinga pachipata cha malire pano kuyambira usanabadwe, ndipo ndikudziwa mmene anthu amayankhulira akamabisa katundu. Ndiye undiyankhe mosazungulira. Ndi sukulu yanji imene imaletsa ana mafoni n'kuwatengera kuchipululu? Akukulipirira chakudya ndani, ndipo akufuna chiyani kwa iwe? Anzako a ku Mozambique aja kwawo ndi chigawo chiti? Nyenyezi zimaoneka paliponse, ngakhale pakhonde pa amayi ako. Chikukutengera kutali choncho n'chiyani?

Ukudziwa za anyamata awiri a kuno amene anawoloka chaka chatha. Nawonso anauza makolo kuti apeza anthu achifundo owalipirira maphunziro. Mmodzi analemba kamodzi kuti kumene ali mafoni saloledwa. Mpaka lero sanamvekenso, ndipo anthu akuti ali ndi zigawenga za kumpoto kwa Mozambique.

Sabata yatha kunabwera amuna awiri pa njinga yamoto, ovala wamba koma nsapato zawo za boma. Anagula chubu chimodzi, kenaka anayamba kufunsa za iwe: dzina lako lonse, mzikiti umene unkaswali, chaka chimene unachoka. Mawu akuti zophulika anawatchula okha. Ine sindinawauze, ndipo sindikudziwa amene anawauza.

Nambala yako ndayesa, sikulowa. Ngati ulidi pasukulu, bwera anthu akuone ndowa isanafike. Ngati uli kwina, thawa ukadali ndi miyendo.

Mjomba wako,
Atumani


Katuli, 3 Meyi 2024

Achimwene,

Assalam alaikum. Muli bwanji kumene muliko? Ndikuti kumene muliko chifukwa pano sindikudziwanso kuti nditchule kuti. Nsalu zinafika, zikomo. Amayi sanazifunyulule, angozisunga pansi pa matiresi.

Kuno zinthu zaipa. Mudzi wonse ukuti mwalowa gulu la zigawenga ndipo mukuphunzira kupanga mabomba. Loweruka amayi anapita kumsika ndi zitumbuwa monga mwa masiku onse, anabwerera beseni lili lodzaza. Anthu amadutsa ngati sakuwaona. Mayi wina anakoka mwana wake amene amafuna kugula, ine ndikumva ndi makutu angawa, n'kunena kuti, "Tiye, za kwa Abiba sitigula."

Ahmad amabwerabe, koma amaimika njinga yake pamsewu, salowa pabwalo. Ndinamufunsa, akuti kwawo amuuza kuti ayambe wadikira. Akuopanso kuti kabaza wake adzavuta pachipata akamveka kuti ndi mlamu wanu. Ndowa tinagwirizana kuti ikhale kumapeto kwa Julayi. Pano amalume ake akuti aone kaye nkhope yanu.

Ine ndakhala ndikuganiza. Kalata ija tinaimva anthu atatu: ine, amayi ndi amjomba. Ahmad sindinamuwerengere, ndinangomuuza kuti mwapita kuchipululu. Nanga mawu a m'kalata anafika bwanji kwa anthu a boma? Mukukumbukira kuti amjomba ankafuna kugulitsa dimba la amayi la kumtsinje, ndipo amene munakana ndinu. Masiku ano akumapitako ndi munthu wachilendo, n'kumayenda naye m'malire. Mukapanda kubwerera, wowaletsa palibe. Sindikunena kuti ndi iwo. Ndikungokuuzani zimene ndaona.

Koma nanunso achimwene, munalemba bwanji zija? Kalata ija ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopinda. Pena ndimakukhulupirirani. Pena ndikafika pamene munati mukupemphera kuti kaphulike muli komweko, ndimayamba kukayika. Ndiuzeni zoona, ine ndekha, sindiuza munthu. Kodi tinyenyezi toyerato ndi nyenyezi zenizeni, kapena ndi dzina la chinthu china?

Mlongo wanu,
Hidaya


Karoo, 9 Juni 2024

Amjomba,

Assalam alaikum. Kalata yanu ndi ya Hidaya zandipeza limodzi dzulo. Zinakhalitsa ku Cape Town chifukwa mnzanga anasowa wompatsira. Ndayesa kukuimbirani pafoni ya muofesi, yanu sikulowa. Kaya mwazimitsa dala.

Mafunso anu ndayankha m'kalata ya Hidaya, akuwerengerani ngati mukufunadi mayankho. Nanenso ndili ndi funso. Mukuti simukudziwa amene anauza anthu a boma. Kalata yanga anaimva anthu atatu. Amayi sangandipereke, ndipo Hidaya sangawononge ndowa yake yomwe. Watsala ndani? Ngati nkhani ndi dimba, mukanangonena. Simukanadetsa dzina langa ndi la mlongo wanu chifukwa cha kamunda. Dimba limenelo siligulitsidwa, ine ndilipo kapena kulibe.

Swadick


Karoo, 9 Juni 2024

Hidaya mlongo wanga,

Assalam alaikum. Ndi nyenyezi zenizeni. Nditawerenga funso lako ndinaseka, kenaka ndinalephera kudya.

Kuno kuli madishi oyera akuluakulu, onga a kanema koma aatali kuposa mtengo wa mango, atamwazikana m'chigwa. Amamvetsera mafunde a wailesi ochokera kumwamba, masana ndi usiku womwe. Mafundewo amafika ofooka kwambiri, moti foni imodzi yoyaka m'thumba ikhoza kuwaphimba. N'chifukwa chake mafoni saloledwa, n'chifukwa chakenso anamanga kutali ndi anthu. Oyandikana nafe ndi nkhosa basi. Amene akutilipirira ndi yunivesite. Mnzanga wa ku Mozambique ndi mtsikana wa ku Maputo, Mkatolika, ndipo amathawa ngakhale buluzi.

Ntchito yanga ili chonchi. Ngati mnzake wa kanyenyezi ali nyenyezi yaikulu yamoyo, amakhala akutaya mpweya mozungulira. Kanyenyezi kakaphulika, zidutswa zake zimawomba mpweyawo, ndipo pamatuluka mafunde amene madishi angamve. Ngati tinali tinyenyezi tiwiri toyera, malowo amakhala mbee, opanda mpweya, ndipo sipamveka kanthu. Ndiye ife timatchera khutu. Ndi zomwezo basi. Bomba sindinalionepo n'komwe.

Uwawerengere amayi, ukawerengerenso Ahmad ndi amalume ake. Tchuthi ndapempha. Ndifika pakati pa Julayi, Inshallah, ndipo ndidzayenda nawe msika wonse anthu andione. Amjomba usawauze tsiku lobwera.

Mlongo wako,
Swadick


Karoo, 8 Julayi 2024

Hidaya,

Assalam alaikum. Ndalemba mofulumira chifukwa galimoto yopita kutauni ikunyamuka.

Sindibwera mwezi uno. Kaphulika. Anzathu amene amaonera ndi magalasi apeza kuwala kwatsopano mumlalang'amba wina umene suli kutali kwambiri, ndipo atsimikiza kuti ndi mtundu womwe uja ndimaudikira. Mafunde aja ngati alipo amamveka bwino m'masabata oyambirira, kenaka amazilala. Kena kapafupi chonchi mwina sindidzakapezanso ndisanamalize sukulu. Aphunzitsi sanandikakamize, anati ndisankhe ndekha. Ndasankha kukhala.

Uwapemphe a kwa Ahmad asunthe tsiku lifike mu Sepitembala. Awerenga kale za madishi, ndiye amvetsa. Ndikabwerera kutauni ndikutumizira zithunzi ndi kalata ya sukulu ya chidindo. Usakwiye, mlongo wanga. Ndidzakugulira nsapato za ndowa kuno.

Swadick


Katuli, 4 Ogasiti 2024

Achimwene,

Assalam alaikum. Moni ndakupatsani chifukwa ndi lamulo.

Kalata yanu ya madishi ndinakaiwerenga kwa Ahmad, amalume ake ali pomwepo. Anamvetsera bwino, ena mpaka anaseka za buluzi. Anati chabwino, tidikira Julayi timuone. Kenaka kunabwera inayo. Ndikanaibisa, koma anthu anaona a transipota akundipatsa, ndipo a kwa Ahmad anatuma uthenga kuti ndipite nayo. Nditafika pa mawu akuti kaphulika, amalume a Ahmad anaimirira, anakuntha fumbi pa mkanjo wawo, n'kunena kuti, "Munthu amene wasiya ndowa ya mlongo wake chifukwa chinachake chaphulika, ife sitimudziwa." Ndowa yatha. Mpunga umene tinasungira alendo tikudya tokha. Nsapatozo musagule.

Za amjomba munalakwa, ndipo amene ndinakuyambitsani ndine. Foni yawo sinkalowa chifukwa anthu a boma anaitenga mu Meyi. Kenaka mu Juni anawaitana ku Mangochi, n'kuwakhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, shopu ili chitsekere. Anawafunsa ngati angalumbire kuti simuli m'gulu loipa. Iwo anati, "Zimene mwanayo amachita sindikuzimvetsa, koma ndamulera ndine bambo ake atamwalira. Lembani dzina langa, akalakwa mudzagwire ine." Anasaina. Kalata yanu ya dimba ija ndinawapititsira ndine atangobwerako. Anaiwerenga ataima pakhomo pa shopu, anaipinda, n'kuiika m'thumba. Mlendo wa kudimba uja anali wokumba zitsime. Amjomba amafuna kuti tidzale nyemba za chilimwe poti chimanga chinapsa.

Ku Mangochi amjomba anamvako chinthu chimodzi, chakuti amene anakanena ndi munthu wamkazi. Ine ndinathamangira kwa amayi ake a Ahmad, poti sanandikondepo chiyambire. Ndinawapeza akupeta mpunga, ndipo ndinawafunsa pamaso pa anthu.

"Ndinu amene munakamunenera mchimwene wanga?"

Anatsitsa lichero, anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ine ku Mangochi ndinapitako komaliza Ahmad ali kumsana. Kafunse kunyumba kwanu amene anakwera njinga yamoto m'mwezi wa Ramadan, akuti akupita kuchipatala cha mwendo."

Ndabwerera kunyumba. Amayi ali kuseri akuchapa. Mankhwala a kuchipatala sindinawaonepo m'nyumba muno, koma sindinawafunse. Ndikuopa.

Hidaya


Cape Town, 25 Ogasiti 2024

Hidaya mlongo wanga,

Assalam alaikum. Ndabwerera kutauni. Kalata yako ndinaipeza pabedi, ndipo ndaiwerenga nditaimirira, chikwama chili paphewa.

Madishi sanamve kanthu. Tinamvetsera mobwerezabwereza, kunali zii. Aphunzitsi akondwa, akuti kukhala chete kumeneko ndi yankho: mnzake wa kanyenyezi aka sanali nyenyezi yaikulu yotaya mpweya wambiri, mwina tinali tiwiri toyera. Koma ndi mwina chabe, ndiponso ndi kanyenyezi kamodzi. Pa kena ofufuza ena anamvapo mafunde, ndiye zikuoneka kuti njira zonse ziwiri zimachitika. Anandigwira chanza n'kunena kuti zimenezi zilowa m'buku langa la mayeso. Ndakulembera kuti udziwe chimene ndinasinthanitsa ndi ndowa yako. Ndilibe chonena choposa pamenepa.

Ndaika zithunzi ndi kalata ya sukulu. Upite nazo kwa Ahmad, ndiponso kwa amjomba. Iwo sindikudziwa kuti ndiwalembere chiyani.

Za amayi sindikukhulupirira. Amayi a Ahmad unawachititsa manyazi pagulu, ndiye anatola chilichonse n'kukuponyera. Mwina kuchipatala mankhwala anali atatha. Munthu amene ankagulitsa zitumbuwa kuti ndigule mabuku sangakandinenere. Usawafunse, ungawapweteke mtima pachabe. Ufufuze mwakachetechete ngati pali mayi wina amene anali kuseri kwa mpanda tsiku limene unkawerenga lija.

Swadick


Katuli, 15 Sepitembala 2024

Mwana wanga Swadick,

Assalam alaikum. Akulemba ndi Hidaya koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asachotse ngakhale amodzi.

Kuseri kwa mpanda kunalibe munthu. Ndinapita ndine. Hidaya sanandifunse, ndamuuza ndekha atandiwerengera kalata yako.

Tsiku limene ndinamva za chipululu, ndinakumbukira mayi wa mmodzi wa anyamata a ku Chiponde aja. Timakhala moyandikana pamaliro. Iye anakhala chete kuopa manyazi, lero alibe ngakhale manda oti awaloze. Ine ndinati ayi. Ndinakwera njinga ndi mwendo wangawu, ndili pa swaumu ya Ramadan, ndinakauza akuluakulu a boma kuti mwana wanga akuphunzitsidwa zophulika kuchipululu, mukanditengere. Ndinkati bola akutsekere ku Mangochi, kumene ndingathe kukubweretsera chakudya. Sindinadziwe kuti ayamba kufunsa pachipata ndi pamsika mpaka dziko lonse limve.

Ndawononga ndowa ya mwana wanga wamkazi, ndavutitsa mlongo wanga. Zimenezo ndikayankha pamaso pa Allah. Koma usayembekeze kuti ndinene kuti sindikanapita. Iwe unalemba ngati ukulembera aphunzitsi ako. Ine nyenyezi ndimazidziwa zowala. Zophulika ndimazimvera pawailesi, ndipo nthawi zonse pamakhala anthu akufa.

Zithunzi ndaziona. Mbalezo n'zazikuludi. Waonda. Koma chithunzi aliyense akhoza kujambulitsa. Bwera ndikugwire ndi manja.

Amayi ako,
Abiba

Achimwene, apa ndi ineyo. Amayi atamaliza kunena anapita kukatunga madzi ngati palibe chachitika. Ine sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani, ndiye ndikukwiyira nonse. Ahmad anabwera ataona kalata ya chidindo, akuti amalume ake afewa. Ndamuuza kuti munthu amene anafuna chidindo kuti alowe pabwalo pathu ndiyenera kumuganizira bwino. Sindinamukane, sindinamulole. Chinanso, akuti dzina lanu lidakali kwa anthu a boma, ndiye akhoza kukuimitsani polowa. Alembereni amjomba, ine ndatopa kunyamula mawu a anthu.


Cape Town, 29 Sepitembala 2024

Amjomba,

Assalam alaikum. Kalatayi ndaiyamba kangapo n'kumang'amba. Ndinakunenerani zoipa pamene inu munali pabenchi chifukwa cha ine. Ndinkadziona ngati wodziwa kufufuza, koma ndinaloza munthu ndilibe umboni uliwonse. Sindikudziwa ngati mungandikhululukire.

Ndikwera basi ku Joni pa 25 Okutobala, kudzera ku Zimbabwe ndi Tete, ndipo ndidzalowera pa Mwanza. Ndiye kuti pasipoti yanga idzakhala ndi chidindo cha Mozambique chatsopano. Ndikuopa, amjomba. Ndilibe nkhope yokupemphani kanthu, ndangoti mudziwe.

Muphwa wanu,
Swadick


Chiponde, 9 Okutobala 2024

Swadick,

Wa alaikum salaam. Kalata yako ndalandira. Foni anandibwezera, koma zokamba pafoni sindizikhulupiriranso, ndiye ndalemba.

Kalata ya sukulu ija ndinapita nayo ku Mangochi. Anaiwerenga, anaijambula, anati aona. Sananene kuti nkhani yatha, ndipo ine sindinawafunse. Ubwere ndi zikalata zako zonse m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi. Usanyamule phukusi la munthu aliyense, ngakhale atakuuza kuti ndi mankhwala a mayi ake. Akakufunsa ntchito yako, unene kuti umaphunzira za nyenyezi, ulekere pomwepo. Mawu enawo uwasiye ku Cape Town.

Za madishi Hidaya anandiwerengera. Sindinamvetse kuti anthu ophunzira amakondwera bwanji akapanda kumva kanthu, ndipo mpaka pano chinachake sichikundikhalira bwino. Udzandifotokozera ndikukuyang'ana m'maso.

Kalata yako ya dimba ija ndidakali nayo, sindinaiiwale. Koma ndinasaina dzina langa, ndipo wosaina amayenera kukhalapo. Shopu nditseka. Ndikagona ku Mwanza, basi yako idzandipeza nditaima pachipata. Akakutengera m'chipinda, tilowa awiri.

Zopepesazo udzanena m'minibasi. Njira ya ku Mangochi ndi yaitali.

Mjomba wako,
Atumani